Mutu 3: Nkhata ya pa Chishalo

1. Njinga ya amjomba

Njinga inafika pakhomo panga Loweruka, mwezi wa Meyi, thonje litayamba kuphulika m'minda ya m'mbali mwa Rivirivi. Anabwera nayo ndi Usumani, mwana wanga wamtali uja amene amasoka zovala pakhonde la sitolo ku Balaka. Inali yakuda, yachimuna, ya chitsulo chopingasa pakati, ndipo belu lake limalira ngati nkhuku yachimfine.

Anabweretsera Lukiya, mdzukulu wanga. Mayi ake, mwana wanga malemu Habiba, anandisiyira mwanayo ali wakumsana, ndipo chaka chimenecho anali mu Sitandade 8.

Sukulu ya m'mudzi mwathu imathera pa Sitandade 5. Yaikulu ili kutali, mtunda woti ukanyamuka kukungocha umakafika mame atauma. Lukiya anayenda pansi zaka ziwiri ndi theka osadandaula. Koma mayeso atatsala miyezi iwiri, aphunzitsi aakulu analamula kuti ana a mayeso azifika dzuwa likungotuluka. Anati wochedwa katatu asadzalowenso m'kalasimo.

"Ndi miyendo sangathe, amayi," anatero Usumani. "Ndipo inu simungamulole kunyamuka mdima ulipo."

"Sindingamulole. Kuli afisi."

"Ndiye njinga ndi imeneyi."

Kupalasa Lukiya amadziwa kale, koma kupalasa kwa ana: mwendo kulowetsa pansi pa chitsulo, thupi lili pambali ngati nkhanu. Anaphunzira mondibisira pa njinga za alendo. Koma pachishalo, pampando penipeni pa njinga, anali asanakhalepo.

Ndinamukhazika pamkeka, amjomba akewo ali pomwepo.

"Tamvera iwe Lukiya," ndinatero. "Chinthu ichi chilibe maso, chilibe makutu. Bulu ukamuuza kuti ima, amaima. Ichi chimangopita. Ukaona mchenga, tsika. Ukaona ng'ombe, tsika. Ukamva lole ikubwera, usadikire kuiona, tsika ulowe patchire. Usamapalase kukamwa kuli yasa, ntchentche sisankha. Munthu akakupatsa moni usayankhe ndi dzanja, yankha ndi pakamwa. Akakwiya abwere adzakwiyire ine. Diresi lako lizibisa mawondo. Anyamata a chipani a malaya ofiira aja amaima pamphambano, akaona bondo la mtsikana adzakutsitsa, ndipo ine ndilibe mawu okayankhula nawo. Buluku usaliganizire n'komwe, boma linaletsa. Tsono ichi umvetsetse, amjomba akowa ndi mboni. Tsiku limene ndidzaone chilonda cha njinga pathupi pako, kaya chichepe ngati nthata, njinga ibwerera ku Balaka. Sukulu ithere pomwepo. Ndinaika kale mmodzi m'manda, sindiikanso wina."

"Mwamaliza, anganga?"

"Ndangoyamba."

Usumani anaseka mpaka chisoti chinagwa. Asananyamuke anationetsa kathumba kachikopa kolendewera kumbuyo kwa chishalo. Munali sipanala imodzi. Iye atangokhota panjira, ndinaitulutsa n'kuisomeka kudenga. Mwana ndi sipanala n'chimodzimodzi mwana ndi machesi.

2. Nkhata

Lolemba tinadzuka limodzi. Titatha swala, pemphero lathu la m'mawa, Lukiya anakankhira njinga pafupi ndi mtondo umene ndinaugoneka pabwalo, anaponda pamtondopo, n'kudziponya pachishalo.

Njinga inapita uku, inapita uku, inaloza khola la mbuzi. Ine ndinatseka maso. Nditatsegula, mwana anali panjira, mpango ukuuluka. Pofuna kufikira zopondera amapendekera kumanja, kupendekera kumanzere, ngati bakha wothamangitsidwa. Ndinamumva akuimba mpaka anazimirira kuseri kwa mlambe umene uli pokhota njira.

Tsiku lonse sindinathyole thonje lodzaza ngakhale dengu limodzi. Maso anali kunjira.

Anabwera dzuwa lisanapendeke kwenikweni, nkhope ikuwala.

"Anganga, ndafika woyamba. Aphunzitsi ndawapeza akutsuka m'kamwa."

"Wagwa?"

"Iyayi."

"Tandionetsa zigongono."

Anandionetsa zigongono, mawondo ndi zikhatho. Panalibe kanthu. Koma popita kukatenga madzi akumwa ndinaona kayendedwe kake. Amayenda miyendo ili payokhapayokha, ngati munthu woti wangowoloka mtsinje nsalu itanyowa.

Ndinapita panjinga paja n'kudina chishalo ndi chala. Chinali gwa, ngati chikopa choiwalika padzuwa.

Nzeru inandibwerera pomwepo. Mtsuko pamutu umafuna nkhata. Nkhuni pamutu zimafuna nkhata. Nanga munthu pachikopa chouma? Ndinatenga chitenje changa chakale, ndinatapa thonje pamulu umene unali pakhonde, longothyola kumene, loyera mbee. Ndinalifunyira m'chitenjemo, ndinapota, ndinazunguliza, n'kukhala nkhata yaikulu ngati chivundikiro cha mphika wa paukwati. Ndinaimangirira pachishalo ndi luzi, mfundo pamwamba pa mfundo, kuti ngakhale mphepo ya mwera isaichotse.

"Taona," ndinatero. "Ngakhale aDC sakhalira chofewa chotere."

Lukiya anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaidina, anayang'ana ine.

"Sikomo, anganga," anatero.

Amayi a pakhomo lachiwiri anabwera kudzaona. Anati ndiwapangireko mwamuna wawo. Ndinagona wokondwa.

3. Zimene nthaka inandiuza

Lachiwiri anapita, anabwera, koma nyimbo inachepa.

Lachitatu anadya chiimire.

"Mtsikana sadya ataima," ndinatero. "Chakudya chimatsikira kumiyendo."

"Ndakhala tsiku lonse kusukulu, anganga. Ndatopa n'kukhala."

Anayamba kukonda ntchito zoimirira. Kusinja, ndiye. Kutunga madzi, ndiye. Kusankha thonje pamkeka, ntchito imene kale amailimbirana chifukwa cha macheza, amati mutu ukuwawa. Pa swala, pofika pokhalira miyendo, amakhalira ntchafu imodzi ngati nkhalamba. Ine ndimaona. Maso anga ndi ofooka pa singano, koma pa mwana ameneyu sanafookepo.

Lachinayi anabwera mochedwa, osalankhula zambiri.

"Nkhata ikugwira ntchito?" ndinafunsa.

"Ilipo, anganga."

Sindinafunse ngati ilipo.

Lachisanu atanyamuka ndinatenga ndodo yanga n'kumutsata. Zolemba za papepala sindizidziwa, koma za panthaka palibe angandinamize. Kuchokera pabwalo mpaka pamlambe panali mzere wa matayala wokha, wokhotakhota. Kuseri kwa mlambe mzere uja unawongoka. Pambali pake panayamba mapazi.

Ndinawerama. Anali mapazi a Lukiya, chala chachikulu chakumanja chopatuka ngati cha malemu mayi ake. Ndinafunafuna mapazi achiwiri, a mnyamata. Ndinayang'ana kumanja kwa njira, kumanzere, mpaka m'maudzu. Panalibe. Ndinati alihamudulilahi.

Ndinatsata mpaka pachigwa cha miwawa. Mapazi sanasiye. Panalinso a dzulo lake, ofufutika pang'ono ndi ziboda za mbuzi. Mwana amakwera pabwalo kuti ine ndione, akafika pamlambe amatsika, n'kukankha njira yonse. Ndipo wokankha njinga amachedwa kuposa woyenda manja ali lende.

Ndinawerenga ndi zala. Lachinayi, kamodzi. Lachisanu, kawiri. Kunatsala kamodzi.

Ndinabwerera kunyumba pang'onopang'ono. Ndikanatha kutumiza mawu ku Balaka tsiku lomwelo. Sindinatumize. Ndinafuna ndimve kaye kuchokera pakamwa pa mwini wake.

4. Amayi a sikelo

Masana amenewo panaima mlendo. Anali a Modester, amayi achikatolika amene amazungulira m'midzi kuyeza ana pasikelo. Ndi aafupi, onenepa, ndipo amapalasa njinga yachimuna, sikelo atamangirira pakaliyala. Kunena zoona, mkazi wopalasa njinga ndinkamuyesa wosalangidwa. Koma madzi sitimana munthu.

"Odi, Abiti Chande. Kummero kwauma."

"Fikani. Lero mwachokera kuti ndi chitsulo chanucho?"

"Midzi itatu. Ana makumi anayi, onse olira."

"Ndipo mukuyenda bwinobwino?"

"Nanga ndiziyenda chokwawa?"

A Modester akumwa madzi, Lukiya anatulukira pamlambe. Anali atakweranso, koma ataimirira pa zopondera, mano ataluma mlomo. Atationa anadzikhazika pankhata paja, nkhope inachita tsinya, kenaka anamwetulira. Anatsika, anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, anagwada n'kupereka moni.

A Modester anasuzumira njinga ija. Maso awo anali pachishalo.

"Abiti Chande, kodi mwayamba kusenzetsa njinga mtsuko?"

"Ndi nkhata imeneyo. Ndapanga ndine. Mwana asamve kuuma."

"Ooh," anatero, n'kuika chikho pansi mosamala.

Ndinatembenukira kwa Lukiya.

"Iwe, alendo alipo, ndikufunse pamaso pawo. Mawu anga a Loweruka ukuwakumbuka?"

"Ndikuwakumbuka, anganga."

"Nena."

"Mukadzaona chilonda cha njinga, njinga ibwerera ku Balaka."

"Ndi sukulu?"

"Ithere pomwepo."

"Chabwino. Pathupi pako pali bwino?"

Zigongono zake zinali zosalala, mawondo osalala. Akanati inde, ndikanasowa poloza. Za mapazi sindinamuuze, ndipo iye samadziwa kuti ndapitako. Anayang'ana njinga, anayang'ana mabuku ake omangidwa ndi mphira pakaliyala. Mbuzi inalira kukhola. A Modester anayamba kukonzakonza mpango umene unali wokonzeka kale.

"Sipali bwino, anganga," anatero Lukiya. Sanaweramitse mutu. "Ndili ndi zilonda. Ziwiri. Pokhalira."

"Kuyambira liti?"

"Lolemba kumangowawa mafupa. Lachiwiri panasupuka. Lachitatu ndinapirira. Dzulo ndi lero ndakankha kuchokera pamlambe, ndipo ndachedwa kawiri. Ndinayesa kulowetsa mwendo pansi pa chitsulo, koma diresi limakwera, ndinaopa anyamata a pamphambano. Ndinakunamizani kuti ndatopa n'kukhala."

"Bwanji sunanene?"

"Ndimaopa Balaka. Komanso nkhata munaipanga ndinu, munaionetsa anthu. Ndikanayambira pati? Ndipo malo akewo, anganga, munthu amawatchula bwanji?"

"Amawatchula matako," anatero a Modester. "Aliyense ali nawo, ngakhale abishopu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mwana iwe. Wachita bwino kutuluka."

Ine sindinaseke. Lumbiro langa linali litaima pakati pathu ngati ng'ombe panjira.

"Lowa m'nyumba," ndinatero. "Ndione."

A Modester analowa nafe. Zilonda zinalipodi, zofiira, zosupuka, koma zosazama. Anati zipola akazisambitsa ndi sopo, kuziumitsa bwino, n'kuzipumitsa masiku awiri. Tinatulukanso pabwalo. Lukiya anakaima pafupi ndi njinga, dzanja lili pa belu, ngati munthu wotsanzikana ndi mbale wake pasiteshoni.

5. Njere

"Ndibwerekeni mpeni," anatero a Modester.

Anadula luzi langa lonse, mfundo zimene ndinavutika nazo, n'kundipatsa nkhata m'manja.

"Ikani pamtondopo, mukhalire."

"Ine?"

"Inu amene. Mmisiri amalawa."

Ndinaika, ndinakhala. Poyamba panali pofewa. Kenaka ndinamva tinthu tolimba, pano, apa, apo, ngati ndakhalira nsawawa zosasenda.

"Tsopano gwedezekani uku ndi uku, monga amachitira mwanayu popalasa."

Ndinagwedezeka kawiri. Kachitatu ndinadzuka.

Anang'amba chitenje chija. Thonje linali litaphwatalala ndi thukuta, lasanduka zibuma, ndipo m'chibuma chilichonse munali njere, zakuda, zolimba ngati miyala ya mumtsinje. Ine amene ndalima thonje chiyambire utsikana wanga, ndinaiwala kuti thonje la m'munda limabwera ndi njere zake.

Anayamba kuseka ndi a Modester, thupi lonse likugwedezeka. Lukiya anayesa kudzigwira, anabisa nkhope mumpango, mapewa akuvina. Ine ndinayang'ana njere zija m'dzanja langa, ndipo kuseka kunandithawa pamphuno.

"Mwana wakhala akupera mbewu ya chaka chamawa," anatero a Modester, akupukuta misozi. "Koma njere si mlandu wokha. Tandiuzani, mwini njingayi ndi wotalika bwanji?"

Ndinaloza denga la khonde.

"Basi. Chishalo chili pa msinkhu wa amjomba. Mwanayu pofuna kufikira zopondera amadzikhuza uku ndi uku njira yonse, ngati akupala chinangwa. Inu mwabwera n'kuwonjezapo nkhata, phiri pamwamba pa phiri. Onaninso mphuno ya chishalochi, yaloza kumwamba ngati ikununkhiza mvula. Sipanala yanga ndaiwala kunyumba. Yanu ili kuti? Kathumbaka n'kopanda kanthu."

Lukiya anati sakudziwa. Ine ndinapita pakhonde mwakachetechete, ndinapisa dzanja kudenga.

"Anganga," anatero Lukiya.

"Khala chete. Ndimaisunga."

Nati inali itagwira dzimbiri. Ndinabweretsa mafuta anga a nsatsi, tinadonthezera, tinadikira, ndipo a Modester anapatsa Lukiya sipanala kuti amasule yekha. Chishalo chinatsika, chinatsikanso. Anachiwongola mphuno mpaka chinagona chathyathyathya ngati madzi m'mbale. Kenaka ine ndinagwira njinga kutsogolo, iwo kumbuyo, Lukiya n'kukwera mosamala.

"Ika chidendene pa chopondera chili pansicho. Mwendo wawongoka osapendeka chiuno? Eya, pamenepo. Tsika, umange nati."

Atamanga, anamuimika patsogolo pawo.

"Tsono umve, poti ine zaka khumi ndi ziwiri ndili pachishalo. Mulungu anakupatsa mafupa awiri okhalira. Uziwaika kumbuyo, pamene chishalo chili chotambalala, osati kumphuno. Ukaona mabampu kapena mizu, dzuka pang'ono pa zopondera, miyendo ndiyo ilandire. Ngakhale njira ili yosalala, uzidzukako nthawi ndi nthawi kuti magazi ayende. Chofewa kwambiri n'chonyenga, chimakwinyika n'kuyamba kukudya. Ngati ukufuna choyala, chikhale chopyapyala, chosasuntha. Mkati uzivala kansalu kofewa kopanda msoko wokhuthala pakati, ndipo uzikachapa tsiku lililonse, kaume padzuwa. Ukafika kunyumba, samba, pukuta, dzola mafuta pokhuzika. Matayala usapope mpaka kukhala mwala. Diresi ulimange ndi pini pakati pa mawondo, silikwera, ndipo a malaya ofiira adzasowa chonena. Kuwawa kwa mafupa kumatha pakapita masabata awiri, thupi limazolowera. Koma pakasupuka, pakatupa, kapena pakachita dzanzi, usapirire. Nena. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Ndamva, amayi."

Onse awiri anatembenukira kwa ine. Lukiya anagwadanso.

"Anganga, mawu anu ndi mawu anu. Chilonda mwachiona. Mukati ibwerere, mawa ndiikankha ndekha mpaka ku Balaka."

Ndinakhala pamtondo, popanda nkhata. Ndinaganiza za Habiba. Ndinaganiza za mapazi aja kuseri kwa mlambe, a mwana woyenda yekha ndi ululu chifukwa choopa pakamwa panga.

"Loweruka ndinati chiyani?" ndinafunsa. "Unene bwinobwino, usadumphe liwu."

"Munati chilonda cha njinga."

"Cha njinga. A Modester, inu mwaona zambiri. Chilonda chili pa mwanayu n'cha njinga?"

"Njinga inayamba ndi kuwawitsa mafupa. Koma wosupula ndi uyu," anatero, akuloza chitenje chong'ambika chija ndi phazi.

"Ndiye ndi chilonda cha nkhata. Za nkhata sindinalumbirepo."

Lukiya anandiyang'ana, pakamwa pali pululu. Kenaka anandigwera m'khosi mpaka tonse tinatsala pang'ono kugubuduka ndi mtondo.

"Leka, undithyola. Ndipo usayese ndatha. Ukanati inde pamene ndinakufunsa, mawa njinga ikanapita, chifukwa mapazi ako ndawaona kuseri kwa mlambe. Chilonda ndimatha kuchisambitsa. Mwana wondibisira sindingamutumize kutali ndi maso anga."

"Munanditsata?"

"Ndidzakutsatanso."

A Modester anakwera njinga yawo akusekabe. Ndinawapatsira chinangwa chouma ndi mazira atatu, ndipo ndinawauza kuti akaona mchenga atsike.

6. Lolemba lina

Loweruka ndi Lamulungu njinga inapuma, mwini wake anapumanso. Tinakhala pakhonde, iye atagona chafufumimba pamkeka buku lili patsogolo, ine ndikuchotsa njere m'thonje imodziimodzi. Ndinasoka kachoyala kopyapyala ngati chikhatho, kokwana chishalo ndendende, msoko uli kunsi. Singano amandilowetsera ulusi ndi iye. Ndinamusokeranso tinsalu tiwiri tamkati, kuti kena kakamauma kena kakhale pathupi.

Amayi a pakhomo lachiwiri aja anabwera kudzafunsa za nkhata ya mwamuna wawo. Ndinawauza kuti ndinasiya ntchito imeneyo.

Lamulungu madzulo zilonda zinali zitauma. Lukiya anazungulira bwalo katatu, pang'onopang'ono.

"Bwanji?"

"Mafupa akudandaula pang'ono. Koma sipakupsa."

"Ukunena zoona?"

"Ndikadzanama mudzaona mapazi."

Lolemba sanafunenso mtondo. Anaponda chopondera, anadutsitsa mwendo, anakhala. Pini inali pamalo pake. Chiuno chinali phee, miyendo yokha ikuzungulira ngati ya amjomba ake pamakina osokera. Pa mizu ya mango anadzuka pang'ono, n'kukhalanso.

"Ukamva kuwawa utsike," ndinakuwa. "Koma usachedwe. Koma usathamange."

Anangoliza belu lachimfine lija.

Dzuwa litakwera ndinatenga ndodo n'kupita kumlambe. Mzere wa matayala unadutsa, wowongoka, wopanda phazi ngakhale limodzi pambali. Ndinautsata mpaka pachigwa cha miwawa, ndinautsatanso pang'ono kupitirira apo. Pobwerera ndinadzipeza ndikuimba nyimbo ya Lukiya ija, ine amene mawu ake sindiwadziwa n'komwe. Tsiku limenelo ndinathyola madengu anayi.

Masana ndinamva belu lisanafike pamlambe. Ndinaimirira, dzanja pamphumi. Amabwera atakhala bwinobwino, koma njinga imayenda molemedwa, tayala lakumbuyo litaphwatalala. Pakaliyala panali munthu.

Anaima pabwalo, thukuta lili kamukamu.

"Ndafika nthawi yabwino, anganga. Aphunzitsi anayang'ana wotchi kawiri. Ndipo sipakupweteka."

Kumbuyo kwake kunatsika mtsikana wa msinkhu wake, wovala yunifolomu ya sukulu yomweyo, kolona ili m'khosi. M'manja ananyamula kamtolo ka zovala komanga m'chitenje. Maso anali otupa. Anagwada patali, osayang'ana kumwamba.

"Uyu ndi Ida, timakhala benchi limodzi," anatero Lukiya. Anandiyang'ana m'maso. "Munati ndisamakubisireni kanthu. Wathawa, ndipo kwawo sakudziwa kuti ali kuno."